Machesi m'duku la amayi

Nthawi ya dzinja, kwathu ku Chalimbana, amayi ankasunga machesi m'duku. Ankati kumutu n'kofunda, chinyontho sichifikako. M'mawa ankasolola kabokosiko, n'kutenga kamtengo kamodzi, n'kukang'amba pakati ndi lezala kuti kayatse moto kawiri. Ine ndinkachita nazo manyazi, makamaka pakakhala alendo.

Agogo aamuna akawaona ankapukusa mutu. Ankati machesi akalekale ankayaka paliponse, pamwala kaya pansapato, koma anali ndi poizoni, ndipo nthawi zina ankangoyaka okha m'thumba. Amasiku anowa mankhwala ena anawaika m'mbali mwa bokosi, choncho mbaliyo ikanyowa, moto muiwale.

Ndinaphunzira, ndinapeza ntchito ku Lusaka, ndinamanga nyumba kuno ku Chongwe, n'kugula sitovu ya magetsi. Ndinauza amayi kuti za machesi zatha. Iwo anangoti, "Chabwino mwana wanga, tizaona."

Masiku ano magetsi amakhala othima nthawi yaitali kuposa oyaka. Ndimalawirira kukoleza mbaula ndisanathamangire minibasi, msana ukuwawa. Sabata yatha mvula inagwa masiku atatu osakata. Ndinakwecha timitengo tisanu, mitu yake ikungonyenyeka ngati dothi. Ndinakhala pansi pakhonde, makala ali zii, nthawi ikupita, mpaka ndinakapala moto kwa aneba ngati tili kumudzi.

Lero kuofesi mnzanga wandifunsa kuti chatumphuka m'duku langa n'chiyani. Ndangokankhira kabokosi ka machesi m'kati, n'kumangitsa dukulo. Amayi tinawaika m'manda kalekale, koma zija ankati tizaonazi, ndaziona ndekha.