Kalata ya Mgonero Pamwamba pa Chulu

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu, amene anatitulutsa amoyo m'madzi a chaka chija, amenenso saiwala dzina la munthu ngakhale ife alembi titalisokoneza.

Ndinali mlembi wa mpingo wathu ku Makhanga. Maina onse a obatizidwa ndinali nditawakopera mu laputopu ya mpingo, koma inadzaza mavairasi. Kutatsala masabata awiri kuti madzi asefukire, alamu anga, amene amagwira ntchito muofesi kuminda ya nzimbe, anachotsamo pulogalamu yakale yoyendetsa makinawo n'kuikamo ina yaulere yotchedwa Linux. "Mafayilo anu onse alimo, alamu," anatero akukwera njinga. Ine ndinavomera, osafunsa kuti ali pati.

Madzi atabwera, buku la kaundula linasanduka phala. Laputopu inapulumukira m'ndowa yovundikira imene tinapachika kudenga.

Lachitatu lina m'mawa kunafika amayi ena okalamba, amasiye, amene nyumba yawo inagwa. Mwana wawo anawaitana kukakhala naye ku Kasisi, ndipo bwato linali kunyamuka masana omwewo. Ankafuna kalata yosamukira, yosonyeza tsiku limene anabatizidwa. Popanda kalatayo, kumeneko akanawabweza m'kalasi ngati munthu wotembenuka dzulo, osayandikira gome la mgonero. Tsikulo iwo sankalikumbukira, ndipo abusa amene anawabatiza anagona kalekale.

Ndinayatsa laputopu. Pamene ndinazolowera kupeza kaundula panali poyera. Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo, osamupeza. Batire inali itatsala pang'ono, pakuti sola yathu inapita ndi madzi.

Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndinakwera ndi laputopu, amayi aja akunditsatira ndi ndodo yawo. Dzuwa linkandilepheretsa kuona zolembedwa, choncho anatambasula chitenje n'kundichingira.

Ndinaimbira alamu. "Kaundula ali mbali ina ya disiki, mbali imene sinatsegulidwe," anatero. "Tsegulani windo lakuda lija ndinakuonetsani." Anandiuza zolemba, chilembo ndi chilembo. Makina anafunsa pasiwedi. Pomwepo foni inaduka.

Ndinalemba pasiwedi. Sipanaoneke kanthu, ngakhale timadontho timene ndinazolowera. Ndinati chinyezi chapha mabatani. Ndinalembanso mokanikiza, n'kulembanso, kenako ndinadina batani la enta. Inakana. Ndinachita chimodzimodzi kachiwiri. Inakananso.

Ndinkadziwa za foni, kuti ukalakwitsa nambala katatu imakutsekera kunja, ndipo ndinaganiza kuti kunonso ndi momwemo. M'laputopumo munali mpingo wonse, amoyo ndi ogona. Kwina kulikonse kunalibe.

Mwini bwato anakuwa kuchokera m'mphepete mwa madzi: "Agogo, tiyeni! Mukapemphera tsidya!"

"Iwe, ndinakusambitsa uli khanda, takhala chete!" anayankha. Kenako anaweramira kwa ine, mawu atatsika. "Alembi, kodi dzina langa lamiranso m'menemo?"

Ndinaimbira alamu, foni osalowa. Ndinaimbanso, osalowa. Mumtima ndinati, Ambuye, amayi awa akhala akusesa m'nyumba yanu ine ndisanabadwe. Musalole kuti kusafunsa kwanga kuwachotse pagome lanu. Mikono yawo inali italema, koma chitenje sanatsitse.

Foni inalira. "Alamu, mabatani afa," ndinatero.

Anaseka, ine magazi akuwira. "Sanafe. Pulogalamu iyi imamva koma sionetsa, kuti wokhala pambali asawerenge zilembo. Mwalemba kangati musanadine?"

"Katatukatatu."

"Ndiye mwaipatsa pasiwedi yaitali ngati njanji! Lembani kamodzi kokha. Musadikire kuona."

Ndinalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, pamalo opanda kanthu. Ndinakumbukira wophunzira wa Ambuye uja amene anakana kukhulupirira asanaone mabala, ndipo ndinachita manyazi. Ndinadina.

Inatseguka. Alamu ananditsogolera mpaka kaundula anaonekera, ndipo dzina la amayi aja linali pamenepo, ndi tsiku, ndi dziwe limene anabatizidwiramo. Ndinakopera papepala nditatsamiritsa pabondo. Ndisanamalize kusaina, laputopu inazima.

Tinatsika, ndinadinda chidindo pakhomo pa tchalitchi. Amayi aja anaipinda kalatayo, kuikulunga m'pulasitiki, n'kuimangirira kumapeto kwa chitenje. "Takhuta, alembi," anathokoza motero m'Chisena chawo. Mwini bwato anali atamasula kale chingwe, koma anawanyamula yekha kuwakweza.

Mwezi wotsatira mwana wawo anandiimbira kuti amayi adya mgonero ku Kasisi, atakhala kutsogolo pamodzi ndi amayi anzawo. Nthawi imeneyo n'kuti nditagula buku lina, ndikukopera maina ndi dzanja, ndipo ndinali nditaphunzira kufunsa kuti chinthu chili pati.

Inu owerenga, Ambuye akusungeni pamadzi ndi pamtunda, ndipo maina anu akapezeke osafufutika tsiku limene mabuku adzatsegulidwe. Ameni.