Mayi Womata Ndalama Zong'ambika

Ndege inatera ku Nairobi dzuwa litalowa kale. Suhaila anatsika ndi chikwama chimodzi. Mzindawo sankaudziwa, chilankhulo sankachimva. M'dzanja anafumbata kapepala kolembedwa dzina la Vailet ndi nambala ya nyumba ku Syokimau.

Takisi inaima pageti la nyumbayo. Suhaila anapereka ndalama ya mashilingi 500 imene anamubwezera pogula madzi pabwalo la ndege. Dalaivala anaitembenuza pansi pa kagetsi, n'kuibweza.

"Mama, hii imeraruka." Yang'ambika. Alipire pafoni.

Nkhani yochepa. Koma kwa Suhaila sinali yochepa. Kwawo ku Gaza, mawu amenewo ankatanthauza kuti mwana agona ndi njala.

Vailet anatuluka ndi patapata, nalipira pafoni yake, n'kumulandira chikwama. Anali Mmalawi wa ku Limbe, wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ovutika ndi nkhondo. Chaka chathunthu awiriwa ankangomvana mawu pafoni. M'mawa mwake kunali msonkhano m'tauni, ku Westlands. Akuluakulu a bungwelo ankafuna kugamula njira yotumizira thandizo la ndalama ku Gaza, kumene mabanki anali atafa. Suhaila anaitanidwa kuti akalankhule m'malo mwa amayi a pamsika amene anawasiya kwawo.

Tiyi ali patebulo, mlendo anaulula. Mawa sapita. Mapepala ake a sukulu anapsa ndi nyumba. Chingerezi chake n'chothyokathyoka. Muholomo mudzakhala anthu a madigiri, ndiye iye akanena kuti ndi ndani? Zolankhula zimene Vailet anamulembera, masamba anayi, anaziwerenga katatu mundege ndipo sanadzimve m'menemo.

Vailet sanamutsutse. Anangomuthirira tiyi wina.

Suhaila anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachitini ka masiwiti kochita dzimbiri. Munali guluu, kabulashi, labala, thonje ndi mapensulo a mitundu. Anayala ndalama yokanidwa ija patebulo. Uku akugwira ntchito, anayamba kufotokoza.

Inu amene mukuwerenga, mvetserani bwino apa.

Nkhondo isanayambe, Suhaila ankagwira ntchito pawindo la banki, kuwerengera anthu ndalama. Zong'ambika ankaziika padera, zikasinthidwe ndi zatsopano. Kenako mabomba anagwa. Mwamuna wake anapita kukasaka madzi, sanabwerenso. Banki ija inasanduka mulu wa njerwa ndi zitsulo. Makina otapira ndalama anazima onse. Mashekeli atsopano, ndalama za kumeneko, analeka kulowa. Omwe analipo ankangozungulira m'manja mwa anthu mpaka kufewa ngati sanza.

Suhaila anatsala mutenti ndi mwana wake wamkazi, Rima, wodwala mphumu. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Ndalama anali nazo, koma zinali m'buku la kubanki. Ankaziona pafoni, kuzigwira ayi. Kuti uzigwire umapita kwa adobadoba a pamsewu. Uwatumizira mashekeli 100 pafoni, iwo akupatsa 60 pamanja. Enawo ndi awo.

Tsiku lina Rima anabanika. Suhaila anathamangira kwa dobadoba, nalandira ndalama imodzi yong'ambika pakati. Kusitolo ya mankhwala anaikana. Kwina anaikananso. Anabwerera kwa dobadoba, anapeza atachoka. Mayi amene anakhala zaka zisanu ndi zinayi akugwira ndalama za anthu anakhala pansi m'fumbi, ndalama ili m'manja, mwana akulephera kupuma.

Analira. Atatha kulira anakumbukira kuti m'kachikwama ka sukulu ka Rima munali guluu.

Koyamba anapaka wochuluka. Ndalama inauma gwa ngati chikopa, ndipo anaikana. Anainyowetsa, naichotsa guluu ndi chikhadabo, n'kuyambiranso. Kachiwiri manambala sanalunjikane. Anaikananso. Kachitatu anagwiritsa nsonga ya kamtengo ka machesi, kadontho kamodzikamodzi, n'kuipsinja ndi mwala. Wamankhwala anaiyang'ana padzuwa, anamuyang'ana iye, n'kutsegula kabati.

Rima anapuma.

Mawa lake mnansi anabwera ndi ndalama yake yothothoka m'mbali. Mkucha wake anabwera atatu. Suhaila anazula chitseko pabwinja, nachigoneka pa njerwa pafupi ndi msika. Limenelo linakhala tebulo lake. Yakuda ankaifufuta ndi labala. Yosuluka ankaibwezera mtundu ndi pensulo. Kumata imodzi kunali mashekeli awiri, koma wamasiye sankamulipiritsa. Anthu ena ankamuseka kuti wapabanki wasanduka sing'anga wa mapepala. Iye ankangowerama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhondo inamusamutsa kanayi. Kanayi konse kachitini kanali pachifuwa.

Anaphunzitsa amayi ena mpaka anakwana khumi ndi awiri. Koma ankadziwa kuti pepala limamatidwa kangapo, kenako limatha. Ndiye madzulo aliwonse ankayenda kwa ogulitsa ufa, tomato, sopo, kuwanyengerera kuti azilandira malipiro a pafoni. Ambiri ankamuthamangitsa. Foni ilibe moto, netiweki ikusowa, ndani angadye manambala? Iye ankabweranso. Woyamba kuvomera anali bambo wogulitsa anyezi, ndipo anavomera chifukwa chotopa naye. Patatha miyezi, ogulitsa makumi anayi anali atalola. Pamenepo dobadoba analibe podula.

Mbiri imeneyi ndi imene inafika kwa Vailet. Rima atapeza mwayi wokalandira chithandizo ku Egypt, Suhaila anatuluka naye, n'kumusiya m'manja mwa mchemwali wake kuti abwere kuno. Akakhala chete mawa, thandizo likhoza kumadutsabe njira yakale, ndipo pa mashekeli 100 alionse amayi aja azilandira 60.

Anamaliza. Anapsinja ndalama ija ndi kapu ya tiyi. Vailet anainyamula, naiunika pagetsi, kufuna pamene panang'ambika. Anavutika kupapeza.

Anaseka pang'ono, nati kwawo ku Limbe ndalama yotere amangoipinda kanayi n'kumupatsa kondakitala kukada, kenako n'kumayang'ana pawindo ngati sukudziwa kanthu. Suhaila naye anaseka, koyamba chitsikireni ndege.

Kenako Vailet anatenga masamba anayi aja n'kuwavundikira.

"Achemwali, ndinalakwa kukulemberani. Madigiri muholo muja adzadza. Koma amene anagulirapo mwana mankhwala ndi ndalama yomata ndinu nokha."

"Nanga Chingerezi chikandithera?"

"Mudzatsegule kachitini."

Suhaila anaimirira. Anatseka kachitini n'kukagona.

Kunja kusanayere bwino, Vailet anamva madzi akutuluka kubafa. Atadzuka anapeza mlendo ali pakhomo, mpango uli kumutu, nsapato zopukuta. Masamba anayi aja anali pomwe paja. Kachitini kanali kukhwapa.

Anatsikira kumsewu waukulu. Kunkazizira. Matatu, minibasi ya kumeneko, inaima, nyimbo zili pamwamba, kondakitala akumenya chitseko. Vailet anati alipire pafoni, koma Suhaila anamugwira dzanja. Anatulutsa ya 500 ija.

Kondakitala anaitambasula. Anaikweza kuwindo.

Mkuluyo anaipinda m'litali, naikoleka pakati pa zala pamodzi ndi zinzake, n'kuwerenga chenji.

"Twende!" Tiyeni.

Galimoto inanyamuka kulunjika m'tauni. Suhaila anakhazika kachitini pamiyendo, naongoka.

Mwina inunso pali pamene anakubwezani. Anakutembenuzani, anaona pong'ambika, n'kunena kuti simungagule kanthu. Kumbukirani kuti ndalama ija anaikana kawiri itamatidwa kale, ndipo mayiyo anayambiranso. Pong'ambika sipachotsa mtengo wa munthu. Tolani kaguluu kamene muli nako, mumate lero, zikakanika mumatenso mawa.

Osataya mtima.