Mtanda wa amayi m'holo ya pa Lobi

Lobi amene ndinakuliramo ine anali waphokoso. Masitolo a Amwenye anandanda mbali zonse ziwiri za msewu, atelala ali pakhonde makina akulira, ndipo mwezi ukatha kunkabwera galimoto ya kanema n'kukoleka chinsalu pakhoma la chigayo. Kenaka kunabwera lamulo loti Amwenye achoke kumidzi, apite m'mizinda ikuluikulu. Anapita ndi zonse, mpaka masikelo omwe. Atelala anawatsatira, basi inayamba kubwera ikafuna, ya kanema ija sitinaionenso. Dalaivala wina wobweretsa usipa anatiuza kuti tisadandaule, matauni ena a kunyanja nawonso afa chimodzimodzi. Ndinamuyankha kuti zimenezo akatonthoze nazo abale ake konko.

Anyamata anasowa kolowera. Loweruka ankangokhala pamakonde a masitolo otseka aja, kumwa kachasu, kumenyana, ndipo lole ya ku esiteti za fodya ikabwera ankakwera osacheuka.

Amuna anga anabwera kuchokera ku Joni masiku amenewo, atanyamula gumbagumba ndi mbale za nyimbo zodzaza sutikesi. Anali mkamwini kwathu, ndipo kamunda kamene amayi anatigawira kanali kotsetsereka, kongokwana nyemba ndi kachewere wodya. Anandiuza mosabisa kuti akapanda kupeza chochita pa Lobi, nawonso akwera lole. Ine ndinali nditatopa kugona ndekha zaka zonse za ku Joni, komanso ndinali ndi pakati. Choncho atabwereka imodzi mwa sitolo zosiyidwa zija, naipaka laimu, n'kuitcha holo, ndinakolopa simenti yake ngati ya m'nyumba mwanga. Holo imeneyo ndiyo inkawasunga pakhomo.

Tinkatsegula Loweruka masana n'kutseka dzuwa lisanalowe. Anthu ankatsika m'mapiri, ena mpaka ochokera ku Mphunzi, kudzavina simanjemanje ndi rumba mpaka chisanu cha kwathu chija osachimvanso. Malamulo tinkawadziwa ngati Atate Athu. Pakhomo aliyense aonetse khadi la chipani. Mkazi nsalu ibise mawondo, mwamuna tsitsi lisafike m'khosi. Ndipo lalikulu pa onse: chithunzi cha Mtsogoleri chikhale pamwamba pa china chilichonse chopachikidwa pakhoma, kaya ndi wotchi, kaya ndi kalendala. Tinkamva monong'ona za anthu amene anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo, ndipo kumene anapita palibe ankafunsa.

Amayi anga holoyo ankaida. Anali Mkatolika wa kolona m'khosi, wosaphonya Misa ngakhale mvula ichite kukhuthuka, ndipo ankati mmenemo ndi m'khola la Satana. Amuna anga sakanawayankha. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo chimene apongozi aika, mkamwini sasuntha. Mawu awo onse ankadzera mwa ine, ndipo ambiri ndinkawameza m'njira.

Nyengo ya Lenti tinatseka, poopa pakamwa pa amayi pomwepo. Pasaka atapita, anandidabwitsa. Anati Loweruka lotsegulira abwera kudzagulitsa zitumbuwa, ndipo ndiwapatse kiyi alawirire kukasesa. Ndinasangalala, ndinati nkhalamba yafewa. Kupusa kwanga!

Titafika masana, gumbagumba ili panjinga, amuna anga analowa patsogolo n'kuima chilili. Ndinatsata maso awo. Pansonga penipeni pa khoma, pamene khoma limakumana ndi malata, panali mtanda wamtengo wa kuchipinda kwa amayi, atausomeka ndi kanjedza wa Lamulungu la Kanjedza. Chithunzi cha Mtsogoleri chinali pansi pake. Nkhalamba imene inkadandaula nyamakazi tsiku ndi tsiku inali itakoka kauntala, kusanjikapo benchi, n'kukwera yokha ndi msomali ndi mwala. Tsopano inali itakhala phee pansi pa khoma lomwelo, dengu la zitumbuwa pamiyendo.

Amuna anga anatuluka panja n'kundikodola. Anandipempha kuti ndikawauze amayi, mwaulemu, kuti mtandawo ukhoza kukhala paliponse m'holomo koma osati pamenepo. Ndinapita, koma ulemuwo ndinausiya pakhomo. Ndinawafunsa ngati akufuna mwana ndili nayeyu abadwe bambo ake ali kundende. Anandiyang'ana ngati ndine wamisala.

"Mtanda sukhala pansi pa munthu," anatero. "Ngati mukufuna kuvina, vinani Mwini wake akukuonani."

Ndinawauza kuti nditenga nsungwi ndiugwetse ndekha. Anati ndiyese, aone ngati dzanja logwetsa mtanda lidzalere mwana. Kunena zoona, mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Kukwera sindikanatha ndi mimba ija. Amuna anga akanakwera mosavuta, koma mkamwini angakwere bwanji pamwamba pa mutu wa apongozi ake kukazula chimene apachika ndi manja awo? Anayesa kuganiza zokweza chithunzicho, koma pamwamba pa nsonga palibenso khoma. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Ndinati titseke, tinamizire kuti mabatire atha. Koma anthu anali atayamba kale kulowa, aludzu la milungu yonse ya Lenti, ndipo kubweza gulu lotere kukanabweretsa mafunso ambiri kuposa kulilandira. Amuna anga anaika mbale, nakweza mawu. Anati anthu ovina amayang'ana mapazi. Ine ndinaima pakhomo ndikuona makadi, koma chimene ndinkaona sindikuchikumbuka. Munthu akangotukula mutu kuti apukute thukuta, ndinkangoti basi wauona mtanda uja. Amayi ankagulitsa zitumbuwa zawo ngati palibe kanthu, nachitanso kulangiza atsikana za kutalika kwa nsalu.

Dzuwa litapendeka, anatulukira a tcheyamani a chipani a dera lathu ndi anyamata awo a malaya ofiira. Kubwera kwawo sikunali kwachilendo, ankabwera kudzaona makadi ndi kudya zaulere. A tcheyamaniwo tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Lachisanu Loyera lapitalo ndiwo ananyamula mtanda waukulu pa Njira ya Mtanda, ife tonse tikuwatsata pambuyo. Anandipatsa moni, anafunsa za m'thupi, nalowa.

Anyamata aja anayamba kuzungulira. Mmodzi wa iwo, wowonda, amene aliyense ankadziwa kuti amafuna mpando wa a tcheyamaniwo, sanayang'ane makadi. Iye ankayang'ana makoma. Ndinamuona akukweza mutu pang'onopang'ono, n'kuima. Mbale inatha, singano n'kumangokanda, koma amuna anga sanaitukule. Anthu anasiya kuvina mmodzimmodzi. M'holo monse munangoti zii, kupatula kukanda kuja.

"A tcheyamani, taonani kumwambaku," anatero mnyamatayo.

A tcheyamani anayang'ana, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Akanati mtanda utsike, mawa lake akanalowa bwanji m'tchalitchi? Akanati palibe mlandu, mnyamata uja akanafika ku boma iwo asanafike kunyumba. Amayi anali ataika dengu pansi, akupukusa kolona, maso ali pa iwo. Amuna anga anali ataima pafupi ndi gumbagumba manja ali kumbuyo, ngati munthu amene wawapereka kale kuti amangidwe. Ine mwana anandipondaponda m'mimba mpaka ndinagwira chitseko.

"Ndaona," anatero a tcheyamani. "Mitengo ya dengali yadyedwa ndi chiswe. Malata aola. Mukufuna denga ligwere chithunzi cha Mtsogoleri?"

Mnyamata uja anayamba kunena kuti iye amatanthauza zina, koma anamudula.

"Ndati denga. Kwera, uchitsitse ndi manja awiri. Chikasungidwe ku ofesi."

Mnyamatayo anakwera pakauntala pomwe paja, mtanda uli pamphuno pake, natsitsa chithunzicho. Anatuluka nacho atachinyamula pachifuwa, anthu akupatuka. Pakhomo a tcheyamani anatembenuka n'kulengeza kuti popanda chithunzi anthu sangasonkhane, choncho aliyense azipita kwawo. Anthu anabalalika mwakachetechete, ena osatenga n'zitumbuwa zomwe anagula.

Amuna anga sanatengedwe. Amayi anati mtanda wawapulumutsa, ndipo anakapereka Misa yothokoza. Ine ndinawauza kuti chimene chinawapulumutsa ndi chiswe, chomwenso panalibe, pakuti denga lija linali lolimba kuposa la tchalitchi. Tinakhala osalankhulana mpaka chimanga chinauma m'munda.

Amuna anga anasintha mitengo iwiri yabwinobwino ya denga lija kuti anthu aone, napita kukapempha chithunzi chija. A tcheyamani anawazengereza, mawa, mawa. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi anawakokera pambali n'kuwauza kuti asadzafunsenso. Anati mnyamata uja ali ndi maso komanso pakamwa, ndipo holoyo ikangotsegulidwa nkhani idzauka, n'kutenga onse awiri. Mwini nyumbayo anaibwereketsa kwa wogula kachewere, amene anadzazamo matumba mpaka kudenga. Loweruka pa Lobi panabwerera pakale, anyamata pamakonde ndi mabotolo awo.

Lole ya ku esiteti inabwera mwana ali wakhanda. Amuna anga anakulunga bulangete ndi malaya awiri. Gumbagumba anaisiya pansi pa bedi, koma mabatire anachotsa kuti akaike mu tochi. Asananyamuke anakaima kuseri kwa nkhokwe ya amayi, atafulatira, monga mwa mwambo, ine ndili pakati kunyamula mawu. Anati ndiwauze amayi kuti akupita, atsale bwino, ayang'anire mdzukulu wawo. Ndinadikira kuti awonjezepo kena kake, ngakhale liwu limodzi lowawa loti ndikalitule lonse osameza. Sanawonjeze.

Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi kamtanda koluka ndi kanjedza wouma. Anandipatsa kuti ndiwapatse bambo a mwanayo, kawasunge panjira. Ndinafuna kukaponya m'khola la nkhumba. Koma amuna anga anali atatambasula kale manja onse awiri, atawerama pang'ono. Anakalandira, anathokoza, nakaika m'thumba la malaya, ndipo anatsika kumsewu kumene lole inali kuliza hutala.