Munthu wachikhumi pamaliro a apongozi anga

Ndinadzuka kusanache, m'nyumba muli zii ngati simunagwe zovuta. Kwathu usiku wa maliro sugoneka, koma kuno kutsidya la nyanja ku Maddington, chaka cha mliri chija, anthu anachezera pafoni, aliyense kwake. Moto wa pasiwa panalibe. Obwera ankangosiya mapoto pageti n'kubwerera. Anamwino anzanga anasiya mpunga ndi nyemba, banja lina la ku Chipata linasiya nkhuku. Panalinso kapoto ka mphodza zopanda nyama, ndipo mwini wake sindinachite kufunsa. Kanali ka a Kantilal.

Omwalirawo anali apongozi anga, a Yusufu, mmwenye wachisilamu amene anakalambira m'sitolo ya nsalu ku Limbe asanatsatire ana ake kuno. Ine mkhristu wa ku Dedza anandilandira ngati mwana wobala okha. A Kantilal ndi mhindu, ndipo sitolo yawo inkayang'anizana ndi ya apongozi, nawonso asanatsatire ana awo kuno. Awiriwa anabadwira mudzi umodzi ku India. Ali ana, nthawi imene dzikolo linkagawidwa ndipo Ahindu ndi Asilamu ankaphana ngati nkhuku, mayi awo a a Kantilal anabisa a Yusufu m'nkhokwe ya mpunga. Anachita izi sabata yomweyo imene mwana wawo wamkulu anaphedwa ndi Asilamu. Nkhaniyi apongozi ankaikamba Idi iliyonse, mpaka ana awo akangomva "nkhokwe" ankatsinana pansi pa tebulo.

Lamulo linkalola anthu khumi okha kumanda. Mwamuna wanga Iqbal, yemwe ndi woyamba kubadwa, anakhala ndi mng'ono wake Salim pakhonde kuwerenga mayina. Anthu asanu ndi anayi anapezeka msanga. Iqbal atatchula a Kantilal, Salim anakana kwamtuwagalu. Miyezi imeneyo foni yake inali yodzaza ndi mavidiyo a ku India, masitolo a Asilamu akuyaka moto, ndipo ankawaonera ngakhale pakudya. Ananena kuti dzanja la mhindu siligwira dothi la bambo ake, n'kuika mnzake wa kumzikiti pamalopo.

Zinandipsetsa mtima. Ndinamuuza kuti, "Alamu, kwathu amaika munthu ndi adzukulu, osati abale okhaokha." Anandiyang'ana n'kungoti izi si za ku Dedza. Iqbal anangomulekerera, ndipo ndinamukwiyira iyenso.

Kunacha ndi mphepo yozizira, mitambo yopanda mvula. Amuna anapita kukasambitsa thupi ndi kulikulunga m'nsalu yoyera. Amayi kwawoko safika pamanda, choncho ine ndinatsatira pagalimoto yanga, n'kukaima kunja kwa mpanda. Kumeneko ndinapeza a Kantilal atafika kale, mwana wawo wamkazi atawasiya pabenchi. Anali atavala zoyera zokhazokha, masiki itapendekeka, ndodo ili pakati pa miyendo. Palibe anawaitana.

"Mwana wanga, wagona bwanji mnzanga?" anandifunsa m'Chichewa chawo cha m'sitolo chija. Ndi apongozi ankachezanso m'Chichewa, ati chinenero cha kwawo chinkawakumbutsa zambiri. Ndinkafuna kuwagwira dzanja, koma masiku amenewo ngakhale kugwirana kunali koletsedwa.

Maliro anadutsa pafupi nafe, amuna akulandirana pamapewa. Anthu khumi ndi ochepa, abale. Bambo amene theka la Limbe likanatseka masitolo kuwaperekeza anapita ngati mlendo. A Kantilal anadzuka movutikira, n'kuima chilili mpaka mtembo unadutsa.

Atapemphera, ndinaona Iqbal akuchoka pamzere. Anayenda mpaka pageti, analankhula ndi mlonda wowerenga anthu, n'kutuluka. Anafika pamene tinali ndipo anati, "Ankolo, lowani. Tikhala khumi ndithu." A Kantilal anakana, ati mwana woyamba sangasiye bambo ake pakhomo la manda. Iqbal anati bambo akewo sakanaona n'komwe manda a ukalamba pakanapanda nkhokwe ija. Mkuluyo analowa pang'onopang'ono, ndodo ikumira mumchenga.

Mwamuna wanga anaonera kuikidwa kwa bambo ake ali kunja kwa waya, pambali panga. Ankalira mosabisa, ndipo mkwiyo wanga wa m'mawa uja unasanduka chisoni ndi chikondi. Tinaona amuna akuponya dothi, aliyense katatu. Itafika nthawi ya a Kantilal, msana unakana kuwerama. Anayesa, ndodo inagwa. Amene anali pafupi anali Salim. Anaima kanthawi manja ali kumbuyo, kenaka anawerama, anatapa mchenga n'kuuthira m'manja mwa mkuluyo. Sanawayang'ane kumaso, koma anawatapira katatu konse.

Madzulo m'nyumba munatsala ife atatu. Mpando wa apongozi unali pawindo, bulangete lawo lili lopindidwa monga analisiyira. Ndinatenthetsa zakudya za anthu zija, mphodza n'kuziika pakati. Foni ya Salim inkangonjenjemera patebulo, mavidiyo ena akubwerabe, ndipo sindinganame kuti anaizimitsa. Anangoitembenuza chafufumimba.

Patapita nthawi anafunsa, "Achimwene, mayi amene anabisa bambo aja, dzina lawo anali ndani?"

Iqbal anayesa kukumbukira, koma dzinalo silinabwere. Anandiyang'ana, inenso osalidziwa. Nkhani imene tinaimva zaka zonsezo mpaka kutopa nayo, tonse atatu tinalephera kutchula dzina la mayiyo.

"Watsala mmodzi wolidziwa," anatero Iqbal. "Kapoto kawo aka kakufunika kubweza mawa."

Salim anakokera mbale yake pafupi. Anadya mphodza zija mpaka kutha, ndipo kapotoko anakatsuka yekha.