Khadi la Nkhalamba ndi Ng'ona

Apongozi anga anandichenjeza tikupala nsomba padoko, ine ndidakali ndi mwana mmodzi kumsana. Anati, "Mkazi akatsala yekha ndi imvi kumutu, dzina lake lisamveke pamodzi ndi la ng'ona, ngakhale mocheza." Ndinkangowaona ngati amantha. Lero imvi ndili nazo, amuna anga anatisiya, ndipo amene waika ine ndi ng'ona papepala limodzi ndi mdzukulu wanga weniweni.

Mwanayo ndinamulera ndekha mayi ake atamwalira. Anakaphunzira zojambulajambula ku Blantyre, n'kubwerako ndi masewera amene sindinawaonepo chibadwire. Anthu andevu zawo amakhala mozungulira tebulo, mmodzi n'kumasimba nkhani, enawo aliyense n'kudziyesa mlenje kaya msodzi, n'kumaponya dayisi kuti aone ngati apha chilombo kapena chiwadya. Zilombozo zimakhala pamakhadi. Iye ndi anzake akuti anatopa ndi zilombo za azungu, akufuna za kuno kuchigwa, ndipo wojambula anali iyeyo.

Ulendo woyamba anandiyalira makhadiwo pamphasa monyadira. Mvuu ya maso amoto. Chinjoka chobweretsa madzi osefukira. Kenako nkhalamba ya nsalu yofiira itaima m'bwato, ng'ona itagona kumapazi kwake ngati galu woweta. Ndinayang'anitsitsa. Mphini za patsaya zinali zanga. Chala chokhota chogwira nkhafi chinali changa. Ndipo m'mudzi muno mkazi wopalasa yekha bwato kupita kudambo ndine ndekha, ngakhale mwana wakhanda akudziwa.

"Iwe, paja unkandijambula pafoni kuti undichite zimenezi?"

"Ayi agogo, umenewu ndi ulemu. Inuyo ndinu amphamvu kuposa zilombo zonse. Pa inu dayisi sathandiza."

"Ulemu wakowo ukadye ndi anzako."

Mwana wobadwira kuno anaiwala bwanji? Kwathu ng'ona ikagwira munthu, anthu safunsa kuti anatsikira pati m'madzi. Amafunsa kuti yatumidwa ndi yani. Ndinaona ndi maso angawa mayi wina wachikulire wa kutsidya kwa msewu akuthawa wopanda mpango kumutu, denga lake likufuka, ndipo amene ankagenda patsogolo ndi omwe ankadya pakhomo pake. Ndinamukumbutsa mdzukuluyo zimenezi. Anagwetsa nkhope, n'kulonjeza kuti akakonza.

Anabweranso titakolola mapira, makhadi atsopano ali mujumbo. Akuti ndiwaone limodzi limodzi, ndinene maganizo anga, popeza anzake amafuna mawu a munthu wamkulu. Chabwino. Ndinakhala pansi.

Mvuu anaisintha ndithu. Maso amoto anachotsa, anaiika zipsera kumsana ndi mwana pambali, akuti tsopano imalusa pokhapokha ukadutsa pakati pa iyo ndi mwana wake. Ndinati zili bwino. Chinjoka chija anachitalikitsa, chikukoka madenga ndi mbuzi kumchira. Akuti anakangana ndi anzake nthawi yaitali kuti chikhale ndi nyanga kapena ayi. Ndinati nyanga kaya zikhalepo kaya zisakhalepo, madzi akabwera sitiwerenga nyanga. Panalinso chatsopano, udzudzu waukulu ngati nkhuku. Pamenepo ndinaseka pang'ono, sindikana.

Khadi lomaliza analisunga kumanja, n'kulipereka akumwetulira ngati munthu wobweretsa mphatso.

Nsalu anasintha, yofiira ija inakhala yobiriwira. Anandiveka chipewa cha mlaza. Basi. Mphini zili pomwepo, chala chili pomwepo, ng'ona ili pomwepo, ndipo tsopano dzanja langa lili pamutu pake.

"Onani agogo, pano si mfitinso. Ndi mlonda wa dambo, amapulumutsa osewera akamira. Zalembedwa apa m'munsimu."

Tizilembo take ngati nyerere, m'Chingerezi.

"Nkhabe! Ndakana. Amene adzabwere ndi miyala adzayamba akhala pansi kuwerenga m'munsimo? Mvuu mwaikonza mpaka mano, njoka mwakangana za nyanga, ine wamoyo mwangondisintha nsalu?"

"Koma agogo, nkhopeyo ndi imene anzanga anaikonda."

"Anzakowo adzagona m'nyumba muno?"

Anayamba kukanda m'mutu, ndipo ine munthu akamakanda m'mutu ndimadziwa kuti pali china. Ndinamupanikiza mpaka anaulula. Makhadi akale aja, oyamba aja, anawasiya ku Bangula kwa mnzake wometa anthu, kuti achinyamata aziyeserera masewerawo podikira kumetedwa. Ku Bangula! Kumene aliyense wa m'mudzi muno amapita kukagulitsa nsomba.

Khadi latsopanolo ndinaliponya pamoto wowambira nsomba iye akuona. Ndinamukweza kabaza tsiku lomwelo kuti akatenge enawo. Anabwera nawo madzulo, tinawayala pamphasa. Mvuu inalipo, njoka inalipo. Langa panalibe. Wometayo akuti sakudziwa amene analitenga, mwina linagwera pansi n'kusesedwa. Mwina. Ine mawu oti mwina sindigona nawo.

Mdzukuluyo anabwerera ku Blantyre akulira, akuti ajambula nkhalamba ina yopanda nkhope ya munthu aliyense. Ajambule. Limene linasowalo silidzafufutika ndi misozi yake.

Kuyambira pamenepo ndimangoyang'ana. Mnansi wanga amene ankatuma ana kudzapempha mchere sawatumanso. Pamjigo ndikafika nkhani imaduka, n'kuyambiranso ndikasenza ndowa. Tsiku lina mwamuna wina wa njinga anandipatsa moni kuti, "Agogo, ziweto zadzuka bwanji?" Ine ndilibe mbuzi, ndilibe nkhuku. Kapena ankangocheza, kapena khadilo analiona. Bwato ndinalikokera kumtunda, sindipitanso kudambo, nsomba ndikuchita kupikula kwa ena ngati mlendo. Mvula yayamba kumtunda, Shire akukwera, ndipo chaka sichitha osamva kuti ng'ona yagwira munthu kwinakwake.

Tsono inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa mbali ya kuno, patukani mudzandione. Funsani nyumba ya gogo wopalasa bwato, akulozerani msanga, mwinanso msanga kwambiri. Mubwere dzuwa lili pamutu, muodire mokweza kuti a nyumba zoyandikana amve kuti ndili ndi anthu. Chakudya musanyamule, sindikudziwani, sindidzadya. Mungokhala pakhonde pang'ono, anthu akuoneni.