Nkhunda za Bambo pa Khonde la Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, a Ngozo, ndimamva fungo la polishi wofiira. Loweruka lililonse m'mawa, utsi wa m'makhitchini ukungoyamba kukwera, ankagwada pakhonde pawo atapinda buluku mpaka m'mawondo, kansanza kali m'manja, n'kumapaka simenti ija pang'onopang'ono uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu osasa a munthu amene anameza fumbi la m'migodi ya ku Joni. Khonde limenelo linali lotchuka m'mudzi wathu wonse, kuseri kwa Nsipe. Mwana ukapondapo ndi matope unkamva akukuitana mayina ako onse, ndi laubatizo lomwe.

Ndiye tangoganizani nkhunda khumi ndi zinayi zitasamukira pakhonde loterolo. Zinakhazikika pamitengo ya kudenga, zikulira kuyambira m'bandakucha, zitosi zili mbwee pansi. Agogo anamangirira timizere ta tepi ya kaseti kuti tiziwala ndi kuziopseza, koma nkhunda zinangoyang'ana tsiku limodzi n'kuzolowera. Anaika minga pamitengo ija, izo n'kusunthira pambali pang'ono.

Nkhundazo zinali za bambo anga. Nyumba yathu inali pabwalo lomwelo, kungodutsa mtengo wa mango, chifukwa bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kuchigwa, ku Sharpevale, kolima mpunga, ndipo pobwera kudzakhala kwawo kwa mayi anatenga nkhunda ziwiri m'dengu.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'nyumba mwathu munali mutazizira. Bambo anafuna kukumba ngalande m'dimba la mayi kuti ayeseko mpunga. Malume, mlongo wawo wa mayi, anawaletsa anthu akumva: "Mkamwini asamakule mwendo." Mayi anali pomwepo koma sanawaikire kumbuyo bambo. Kuyambira tsikulo awiriwo anasiya kulankhulana, mthenga ndinali ine. "Kawauze bambo ako kuti madzi ali kubafa." "Kawauze mayi ako kuti ndikakolola chimanga ndipita kwathu." Pansi pa bedi panali chikwama chakuda, ndipo sabata iliyonse ndinkapeza mutawonjezeka malaya.

Kwathu ndi mwana yemwe amadziwa kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Choncho zitathawa khola lathu, zinali ngati zaulula chinsinsi chathu kwa mudzi wonse. Kumjigo amayi ankasiya kucheza ndikafika, wina n'kufunsa mokoma, "Nkhunda zili bwanji kwanu, Elube?" Ine m'mutu mwanga ndinawerengera mwachibwana kuti nkhunda zikabwerera, bambo sachoka.

Tsiku lina masana ndinadikira agogo apite kudimba, n'kutola zibuma zodzaza diresi. Ndinagenda ndi mtima wonse. Nkhunda sindinalase ndi imodzi yomwe, koma galasi la windo linamveka phwaa! Potembenuka ndinapeza agogo ataima kumbuyo kwanga, khasu lili paphewa. Anali ataiwala fodya wawo.

"Mkazi wanga, walusa bwanji lero?" anatero, poti ankakonda kundiseka choncho monga amachitira agogo kwa mdzukulu. "Ukuchita nsanje ndi nkhunda?"

Ndinalira mpaka kusefukira, ndipo zonse zinatuluka: za chikwama, za mauthenga, za kumjigo. Agogo anatsamira khasu n'kumvetsera osandidula. Za galasi sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Pano m'pamene ndimamvetsa kuti manja awo anali omangika. Nkhani ya banja ili ndi eni ake, ankhoswe, ndipo nkhoswe ya mayi anali malume omwe aja amene anayatsa motowo. Bambo wobereka salowerera za ukwati wa mwana wake, makamaka agogo amene nawonso anabwera m'mudzimo ngati mkamwini. Pa banja lathu analibe mawu. Koma khonde linali lawo.

M'mawa mwake anaima pansi pa mango n'kukweza mawu, munthu amene sindinamumvepo akukalipira mkamwini wake.

"Apongozi! Nkhunda zanu zandinyozera khonde. Ndatopa nazo, zichoke lero lomwe." Kenako anatembenukira kwa mayi amene ankasesa. "Nawenso Nangozo, usayang'ane kumbali. Madeya unkazipatsa ndiwe."

Anatitsogolera tonse kukhola la nkhunda, lomwe linali pamwamba pa mitengo inayi kuseri kwa nyumba. Bambo atalowetsa dzanja, linatuluka lili yakayaka ndi utitiri. Udzu wa padenga unali utawola, mbale ya madzi itauma mpaka kung'aluka. Kale bambo ndiwo ankasesa m'kholamo, mayi n'kumaika madzi ndi madeya. Chiyambire mkangano, bambo ankati poti ndi wobwera asakhudze kanthu, mayi ankati nkhunda ndi za eni ake a kuchigwa.

Agogo ananyamula mbale ija n'kuitembenuza. "Anthu amati nkhunda zimathawa ndewu. Nkhunda sizimva Chichewa. Zimangoona kuti mbale yauma."

Tsiku lonse linathera pamenepo. Tinatentha zinyalala za m'khola, utsi wake wonunkha nthenga ukutiyabwa m'maso, tinawaza phulusa m'zipinda zonse, bambo n'kufolera ndi udzu watsopano. Mayi ankapereka udzu, bambo akulandira, koma osayang'anana. Dzuwa litapendeka nkhunda zinalowa pakhonde la agogo kuti zigone, ndipo inali nthawi yozigwira. Agogo anatulutsa makwerero awo akale, amwendo umodzi waufupi.

"Ine msana," anatero akukhala pampando. "Elube ndi wopepuka, agwire dengu. Nangozo, gwirira amuna ako."

Bambo anakwera, akugwira imodziimodzi n'kumandipatsira. Atatambasula dzanja kuti afikire ya pakona, makwerero anapendama. Mayi anakumbatira makwererowo ndi thupi lonse.

"Samalani, bambo a Elube!"

"Gwirani bwino, mayi."

Anali mawu oyamba pakati pawo m'miyezi iwiri. Ine ndinatsala pang'ono kusiya chivindikiro cha dengu.

Tsiku lotsatira bambo anakhoma waya wa khola la nkhuku kuzungulira mpata wonse wa pansi pa denga la khonde, agogo akuwapatsira misomali. Ndinali pafupi ndikukolopa zitosi, ndipo ndinamva agogo akulankhula ngati akuuza msomali.

"Apongozi, inenso pano ndine wobwera. Chikwama ndinamangapo katatu." Anatsokomola kwa kanthawi. "Dimba la kumtsinje lija ndinaswa ndekha mphanje, palibe angandiuze zochita nalo. Chifuwachi chandilanda mphamvu. Kayeseniko mpunga wanu uja."

Bambo anangomenya msomali umodzi nthawi yaitali kuposa ina yonse.

Nkhunda tinazitsekera m'khola masiku asanu ndi awiri kuti zizolowerenso. Tsiku lotsegulira mtima wanga unali m'mwamba. Zinatuluka zonse pamodzi, zinazungulira mudzi kawiri, n'kulunjika kukhonde la agogo. Zitagunda waya zinatera padenga la malata n'kumangoyendayenda pamenepo, ine ndikuluma chala. Apo mayi anatuluka ndi lichero, anawaza madeya pansi pa khola n'kuyamba kuziitana, bambo akuthira madzi m'mbale yatsopano. Inatsika imodzi, kenako ziwiri, kenako zonse. Ndinakhala pansi pomwepo, ndipo sindinapumepo mpweya wokoma ngati wa tsiku limenelo.

Chikwama chija chinapitadi ku Sharpevale titakolola. Chinabwerako patatha masiku atatu chitadzaza mbewu ya mpunga. Chaka chotsatira kunabadwa mng'ono wanga Tiyanjane.

Agogo anatisiya kalekale. Ine lero ndimakhala m'tauni, m'nyumba yosanja, ndipo kakhonde kanga ka m'mwamba kamavutitsidwa ndi nkhunda zopanda mwini zimene zimadetsa zovala ndikayanika. Ndinagula waya n'kuuimika pakona miyezi ingapo osaukhoma. Chaka chatha ndinamva kuti Tiyanjane ndi mwamuna wake akutumizirana mauthenga kudzera mwa mwana. Ine si nkhoswe yawo, ndipo sindinawafunse kanthu. Ndinangowaimbira foni onse awiri n'kudandaula kuti nkhunda zandisowetsa mtendere, abwere Loweruka adzandithandize.

Alamu anakwera pampando ndi hamala. Ine ndinadzigwira m'chiuno, ndikubuula.

"Tiyanjane, ine msana. Tagwirira amuna ako."