Chithokomiro Chimene Chinathamangitsa Amuna Anga

Pakhosi panga pali chipsera chopingasa, ndipo m'mawa uliwonse ndisanalawe kanthu ndimameza kam'bulu kamodzi koyera. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene chikundikanika kuzolowera mpaka lero ndi zomwe ndinawachita amuna anga chifukwa cha nthenda yomweyi, ndisanalidziwe dzina lake.

Tinakwatirana chaka chimene tinasankha pulezidenti wa zipani zambiri koyamba. Ine ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi kwathu, cha ku Masambanjati. Iwo ankayendetsa lole yonyamula tiyi kuchokera ku fakitale kupita naye ku Limbe. Kwawo kunali ku Khonjeni, koma monga mwa mwambo wathu ndiwo anabwera kudzakhala kwathu, chikamwini. Malume anawalozera malo, iwo n'kuumba njerwa, kumanga nyumba, kudzala nthochi kuseri. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ine ndine wapakamwa chibadwire, ndipo ndinkawaseka kuti Mulungu anawapatsa mawu makumi awiri okha patsiku, khumi mwa iwo n'kumathera kwa lole yawo ikakana kulira. Ankangomwetulira. Tinabereka mwana mmodzi wamkazi.

Mwanayo ali ndi zaka zinayi, thupi langa linayamba kundichita zachilendo. Ndinkadya moposa amuna anga, kumaliza n'kumayang'ananso m'mbale, koma zovala zinkanka zikundikhwepa. Kukagwa chiperoni anzanga m'munda ankavala majuzi awiriawiri mano akugundana, ine thukuta lili kamukamu. Mtima unkathamanga ngakhale nditangokhala pansi. M'mimba munkatsegula pafupipafupi. Kenako manja anayamba kunjenjemera. Wothyola tiyi amatenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, ndipo zala zimayenera kudziwa zokha. Zanga zinaiwala. Ndinkatsomphola ndi masamba okhwima omwe, ndipo kalaliki wa pa sikelo ankandikhuthulitsa dengu kuti ndisankhe anthu akuona.

Pakhosi panatupa pang'ono, koma ndinkati ndi lamba wa dengu amene akundikoka. Chithokomiro tinkachidziwa bwino. Amayi achikulire ambiri a m'mapiri mwathu anali nacho, china chachikulu ngati papaya, ndipo ankalima nacho mpaka kukalamba. Sitinaonepo chikuondetsa munthu. Choncho palibe anachiganizira, ngakhale ine mwini khosi.

Zaka zimenezo munthu akaonda panalibe chofunsa. Maliro ankachita kusinthana midzi, ndipo aliyense ankadziwa nthenda imene inkatenga anthu, ngakhale dzina lake sitinkalitchula pagulu. Tinkangoti zomwezi. Pa tiyi wa masana amene ankatipatsa kumunda, ndinaona kuti kapu imene ndamwera ine ikuikidwa payokha. Ku kachipatala ka pa esiteti, adokotala anandiyang'ana ali kuseri kwa tebulo, n'kundilembera mankhwala a m'mimba. Kenako anati, “Muzidya zakudya zabwino, mayi, komanso muzipemphera.” Mawu amenewo tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Za kuyezetsa magazi sindinazilote n'komwe. Kwa ife kunali kukadzitengera wekha uthenga wa maliro ako.

Funso linatsala limodzi: ndani wabweretsa? Ndipo yankho linali pafupi, chifukwa amuna anga anali dalaivala, ndipo lole ikachedwa kutsitsa katundu ankagona ku Limbe.

Amayi ndi malume anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala pakhonde la nyumba yomwe ija anamanga amuna anga, Loweruka masana. Oyandikana nafe anapeza zifukwa zosesera mabwalo awo nthawi imeneyo.

Malume anayamba. “Akamwini, mwana wathuyu tinakupatsani ali ndi thupi. Tamuonani lero. Ku Limbe kuja mumagona kuti?”

“M'lole, malume.”

“Nokha?”

“Ndekha.”

“Mwamuna wathunthu, m'tauni, kugona m'lole yekha? Ife si ana, akamwini.”

Amuna anga sanayankhe. Anaweramitsa mutu n'kumatembenuza chipewa m'manja. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunandikwiyitsa. Masiku amenewo ndinkapsa mtima ndi kanthu kalikonse, ngakhale nkhuku ikadutsa. Ndinadzuka n'kukuwa mpaka a kutsidya kwa dambo anamva. Ndinati ndi abodza. Ndinati andipha ndi uhule wawo, ndipo mwana wanga akhala wamasiye chifukwa cha akazi a m'mabala. Ndinanena zambiri zimene sindingathe kuzilemba.

Anakweza mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Mayi a mwana, inunso mukutero?”

“Ndikutero!”

“Chabwino.”

Mkamwini akachotsedwa satenga nyumba, satenga munda, satenga mwana. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bulangeti, kachikwama ka zovala ndi nkhwangwa yawo. Wailesi anamusiyira mwana. Anadutsa pakati pa anthu osesa aja dzuwa lili pamutu. Patapita miyezi ingapo ndinamva kuti asiyanso ntchito ya lole n'kubwerera ku Khonjeni, ndipo tonse tinati basi, nawonso zayamba kuwagwira.

Ndinadikira imfa zaka zoposa ziwiri koma sinabwere. Anzanga amene ankapatula kapu yanga ena anandisiya ndili moyo. Chaka cha njala yaikulu ija ndinagwa m'munda dengu lili kumsana, ndipo ananditengera ku chipatala cha pa boma.

Kumeneko ndinakumana ndi dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine. Anandiuza kuti nditambasule manja, n'kuika pepala pamwamba pake. Pepala lija linavina. Anandiyang'ana m'maso, amene pa nthawiyo anali atatuzuka. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga, n'kundigwira pakhosi ndi zala zake zozizira, nati ndimeze madzi.

“Mayi, alipo anayamba wakugwiranipo pakhosi apa?”

“Palibe.”

Anapumira m'mwamba. Anandipempha kuti ndiyezetse za kachilombo zija, kuti mtima ukhale m'malo, ndipo ndinalola chifukwa ndinalibenso chotaya. Kachilomboko sanakapeze. Magazi ena ndinakayezetsa ku Blantyre, ndipo nditabwera ndi zotsatira anandifotokozera pang'onopang'ono. Anati aliyense ali ndi kanyama pakhosi kamene kamayendetsa thupi, ndipo kanga kankagwira ntchito mopyola muyeso, n'kumaotcha chilichonse chimene ndadya. Kuonda, thukuta, kunjenjemera, ngakhale kupsa mtima, zonse zinkachokera pamenepo.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. “Adokotala, nthenda imeneyi munthu amapatsidwa ndi mwamuna?”

“Ayi, mayi. Palibe anakupatsani.”

Ndinalira pomwepo, ndipo iwo ankayesa kuti ndikulira chimwemwe.

Mankhwala oyamba anandithandiza. Manja anakhazikika, ndinayamba kumva kuzizira ngati anthu ena, moti tsiku loyamba kuvala juzi ndinaseka ndekha. Koma mankhwalawo ankasowa. Ndinkakwera minibasi mpaka ku Blantyre n'kumva kuti atha, ndibwere sabata yamawa, ndipo ndikakhala masabata angapo osamwa, mtima unkayambanso liwiro lake. Zitachitika kangapo, madokotala anati bola kuchichotsa chithokomirocho. Anandichita opaleshoni. Kuyambira pamenepo vuto linatembenuka: kanyama kaja kulibe, ndiye ntchito yake amagwira ndi kam'bulu kam'mawa kaja, moyo wanga wonse. Ndikakasowa kwa nthawi ndimatupa nkhope, ndimazizidwa ngakhale m'chilimwe, ndimaodzera pa mzere wa tiyi, ndipo mawu amalemera. Ndinaphunzira kupita kukatenga ena akale asanathe, ndi kuwasunga m'kachitini kotseka bwino chifukwa cha chinyezi cha kwathu.

Ndinkaganiza kuti ndikanenepa anthu aona okha kuti analakwitsa. Ndinadzinamiza. Nthawi yomweyo ndi imene mankhwala otalikitsa moyo anafika pa boma, ndipo anthu amene tinali titawalira kale anayamba kudzuka n'kunenepa. Ine ndinanenepa nawo limodzi, ndipo mwezi ndi mwezi ankandiona ndikulowera kuchipatala. Basi nkhani inatha yokha: ayamba kulandira. Ndinaonetsa amayi anzanga kumunda pepala la zotsatira zija, losonyeza kuti ndilibe kachilombo. Anati, “Eee, tamva, amwali,” uku akutsinana. Malume anati mkamwini akapita wapita, zakale tizisiye. Koma amayi kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya nthochi za kuseri kwa nyumba yanga.

Pepala lija ndinalipinda n'kuliika m'buku la nyimbo. Ndinkadziwa kumene liyenera kupita. Ndinkati ndipita mvula ikatha, kenako tikakolola, kenako mwana akatsekera sukulu. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi manyazi. Zinapita zaka zinayi.

Tsiku limene ndinapita, ndinakwera kabaza mpaka pa Khonjeni n'kufunsira njira. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya achemwali awo akupuntha nandolo. Imvi zinali zitayamba. Sanali woonda, sanali wodwala. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa thumba, ndipo anafunsa za mwana. Nditayankha ndinatulutsa pepala lija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Analiwerenga kawiri. Ndinawaonetsa chipsera, n'kufotokoza zonse monga anandifotokozera adokotala.

“Ndiye kuti mulibe?” anafunsa.

“Ndilibe. Sindinakhalepo nako.”

Anayang'ana mulu wa nandolo. Kenako anati, motsitsa mawu, “Ndiye kuti inenso ndilibe.”

Apo m'pamene ndinadziwa chifukwa chimene anasiyira ntchito. Anabwera kwawo kudzafera pafupi ndi abale. Zaka zonsezo ankadikira. Akakhosomola ankati yafika. Achemwali awo anawapezerapo mkazi kawiri, iwo n'kukana, ati sangaphe mwana wa eni ake.

Ndinati, “Bambo a mwana, inu munkadziwa kuti simunayende. Nanga bwanji tsiku lija simunakane mwamphamvu? Bwanji simunalumbire?”

“Ndikanalimbikira, anthu akanafunsa kuti nanga mwaitenga kuti. Akanatembenukira kwa inu.”

Zinanditengera kanthawi kuti ndimve chimene akunena.

“Munkaganiza kuti ndinayenda ndine?”

“Panalibe kwina koganiza, mayi a mwana. Ine ndinkadziwa za ine. Koma inu munali mukudwala, ndipo mwana anali wamng'ono. Ndinaona kuti bola amve zoipa za bambo ake amene kulibe, kusiyana ndi za mayi amene akumudyetsa.”

Ndinagwada m'makoko a nandolo momwemo. Ndinapepesa, koma mawu opepesa anali ochepa kwambiri. Ndinawauza kuti nyumba yawo ilipo, nthochi zawo zilipo, abwerere, malume ndithana nawo ndekha. Anandidzutsa, n'kundisasa makoko pa chitenje.

“Nyumba ija ndinatulukamo masana, anthu akuona,” anatero. “Ndiganize kaye.”

Anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira kathumba ka nandolo ka mwana. Kabaza atafika, amuna anga anandifunsa kuti mankhwala aja amamwa kangati. Ndinati kamodzi, m'mawa. Anati, “Musamadumphitse.”

Sanabwere. Mwana ankapita kukawaona akatsekera, ndipo nthawi zonse ankabwera ndi funso lomwelo, ngati mayi ake akumwa mankhwala. Patapita zaka zitatu bambo akewo anagwa m'munda akulima, mbali imodzi ya thupi itafa, ndipo anamwalira asanafike nawo kuchipatala.

Kumaliro ndinakhala kumbuyo, chifukwa mkazi wosiyana naye alibe malo kutsogolo. Buku la nyimbo linali pamiyendo panga, pepala lija lili momwemo. Amayi awiri amene sankandidziwa nkhope anakhala pafupi nane akunong'onezana.

“Yawatenga tsopano. Koma analimba nayo.”

“Akuti anaitenga ku Limbe, n'kukapatsira mkazi wawo. Mkaziyo akupulumukira mankhwala.”

Ndinatsegula bukulo mpaka ndinaligwira pepalalo. Ine wapakamwa, amene ndinakuwa mpaka kutsidya kwa dambo tsiku lowanamizira, tsiku limeneli mawu anandikanika kutuluka. Kwaya inayamba nyimbo, anthu anadzuka, ndipo tinapita kumanda.

Adokotala aja anandiuza kuti ukali wa nthawi imeneyo unali mbali ya matenda. N'kutheka. Koma chithokomiro sichinandiletse kukwera kabaza zaka zinayi zija, ndipo sindikufuna kuchinamizira monga ndinanamizira iwo.

Ndikukhalabe m'nyumba imene anamanga. Ndikamayenda m'minibasi kapena ndikakhala pa mzere wa mankhwala, pamakhala munthu amene amayang'anitsitsa khosi langa, kenako n'kufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Amayembekezera kuti ndinena za opaleshoni, ndipo ndimanena ndithu. Koma ndimayamba ndi zina, ngakhale munthuyo sakuwadziwa ndipo amandiyang'ana modabwa. Ndimati amuna anga anali dalaivala, ndipo ku Limbe ankagona m'lole, okha.